Yankho Linafera M'njira

Basi inanditsitsa pamphambano kutada kale. Malowa sindinkawadziwa. Achemwali anasamukira kuno ine ndili m'misewu, monga mwa masiku onse. Pafoni anangoti ndidutse thanki ya madzi, ndifune chitseko chobiriwira. Mumdima zitseko zonse n'zakuda. Nyumbayo ndinaipeza ndi makutu.

"Kabati ili kumbuyo kwako tsiku lonse! Kumbuyo kwako kwenikweni!" Anali mawu a alamu anga.

"Ndiye ndiitsegule ndi mano?" anayankha achemwali.

"Akanakhala bambo ako okubereka, bwenzi utaitsegula."

Ndinagogoda. M'nyumba munati zii. Achemwali anatsegula, kansalu kopukutira mbale kali paphewa, maso ali psuu.

"Wafika? Lowa. Samala, usaponde mapazi a bambo."

Pafupi ndi chitseko panali mpando waukulu. Pampandopo panali mkulu wina, miyendo ataisanjika pa ndowa yovundikira. Apongozi awo a achemwali. Anthu amawatcha Atelala, ngakhale makina osokera anawasiya kalekale. Mapazi awo anali otupa, khungu lonyezimira. Ankapuma ngati munthu amene wangokwera chitunda atasenza thumba.

"Awa ndi a mawaya aja?" anatero. "Senderani kuno, bambo a mawaya. Makina anu akuti ine ndinalandira kale mankhwala a miyezi itatu. Tandiyang'anani. Ndanenepa nawo, eti?"

Anaseka. Kusekako kunasanduka chifuwa.

Alamu anandilanda chikwama. Ndi kalipentala, manja ake ngati matabwa. "Alamu, mwabwera nthawi yake. Zimenezi ndi zanu. Mutimasule."

Ntchito yanga ndi iyi. Pali bungwe lina lili ndi tizipatala tambiri. Kale kompyuta ya pakachipatala kalikonse inkadziyendera yokha. Tsopano zonse anazimangirira ku kompyuta imodzi yaikulu ya kulikulu. Timaitcha seva. Ine ndimayenda ndi chikwama cha zida, kulumikiza. Ndikamaliza ndimakwera basi. Kuno analumikiza anzanga ena. Ine anandituma kudzangosintha mlongoti wa netiweki padenga. Achemwali ndiwo amakhala pazenera lopereka mankhwala.

Anandifotokozera tikudya.

"Bambo anabwera ndi khadi lawo," anatero achemwali. "Mankhwala a mtima, monga nthawi zonse. Ndinalowetsa khadi, ndinadina. Kagudumu kaja kanayamba kuzungulira pa sikirini. Kuzungulira, kuzungulira. Mzere wafika kugeti. Nditayatsanso, kulowetsa khadi, ikuti munthuyu analandira kale, abwerenso pakatha miyezi itatu."

"Kabati?"

"Sinatseguke. Imatseguka yokha ikauzidwa ndi kulikulu. Ilibe kiyi, ilibe chogwirira. Koma awa akuyesa ndi kabati ya mbale."

"Makabati ndimapanga ndine," anatero alamu. "Kulibe kabati yosatseguka."

"Kwina mwayesa?"

Achemwali anayankha: "Tinawatengera kuchipatala china cha bungwe lomweli. Ulendo wa tsiku lathunthu, bambo akubanika m'basi. Khadi lomwelo, yankho lomwelo. Kusitolo ya mankhwala mtundu umenewu alibe. Angoti tikuitanitsa, tikuitanitsa."

"Mnzanga wa pabenchi akanakhalapo akanandigawira," anatero Atelala. "Mayi a matsache. Timamwa amodzimodzi. Amandisungira malo pamzere, ine ndimawasokera matumba. Tinapangana kuti mitima ikachira tikwatirana."

"Bambo inu, idyani," anatero achemwali. Kenako kwa ine: "Ndi mayi wina wogulitsa matsache. Mwezi uno sanaoneke. Akuti anapita kwa mwana wake, kutali. Mwina anasamukiratu."

"Mawa ndikaona," ndinatero.

Ndi mawu amene ndimanena paliponse.

Chipinda cha achemwali n'chaching'ono. Tebulo, kompyuta, mpando wothyoka pamsana. Kumbuyo kabati yachitsulo, yotuwa, yamadirowa ang'onoang'ono, iliyonse ndi kanyali kake. Panja pazenera pali benchi. Dzuwa lisanakwere n'komwe, benchi linali litadzaza.

Ndinaima pakona kuonerera. Khadi, kudina, kha! Dirowa yatuluka. Khadi, kudina, kha! Kenako panabwera bambo wina wa ndodo. Achemwali anadina. Kagudumu kanayamba kuzungulira. Dzanja lawo linatsikira pansi pa tebulo lokha, maso ali kwa bamboyo. Linkafuna pulagi.

Ndinaligwira.

"Mukutani?"

"Kompyuta yazizira, sikuyenda. Ikazizira timazula."

"Anakuuzani ndani?"

"Iwe, aliyense amadziwa. Ndinapeza akuzula, nanenso ndazula zaka zonsezi. Imadzuka ili bwinobwino."

"Dikirani."

Tinadikira. Pabenchi anayamba kung'ung'udza. Mayi wina anafuula kuti ena tasiya ana kunyumba. Bambo wa ndodo anatsamira khoma. Kagudumu kanazungulirabe. Thukuta linatsika pakhosi pa achemwali.

Kha!

Achemwali anayang'ana dirowayo. Anayang'ana ine. Anapereka mankhwala. Tsiku lonse dzanja lawo lamanzere linali pamwamba pa tebulo, ngati lapsa.

Madzulo alamu anandidikirira pakhomo. Sanandilole n'kusamba komwe.

"Mwapeza chiyani, alamu? Musandibisire. Ine sukulu ndinasiyira panjira koma ndimamva."

Ndikanangoti ndikufufuzabe. Koma pakamwa pa munthu wa mawaya pamayabwa.

"Kompyuta ya achemwali siganiza yokha. Imatumiza pempho kulikulu: uyu apatsidwe? Seva imalemba kuti wapatsidwa, kenako imabweza yankho. Yankho likafika, dirowa imatuluka. Tsiku lija seva inalemba. Yankho ndi limene linafera m'njira. Netiweki inaduka."

"Ndiye basi, zathera pomwepo?"

"Ayi. Kompyuta imasunga nambala ya pempholo pamtima. Netiweki ikabwerera imafunsanso kuti, lija linatha bwanji? Seva imayankha, dirowa imatuluka. Koma ikazimitsidwa imaiwala."

"Ikazimitsidwa." Alamu anaika kapu pansi pang'onopang'ono. "Anazimitsa ndani?"

Achemwali anali pakhomo la kukhitchini.

"Ndine. Ndinazula ndine."

"Ee! Masiku onsewa ukundiuza za kulikulu, kulikulu, pamene ndi dzanja lako lomwe!"

"Nane ndadziwa lero."

"Wadziwa lero! Ntchito ukugwira ndi maso kapena ndi mapazi?"

"Tamverani, bambo inu. Anatibweretsera chinthu chatsopano, nkhope yake yomwe ija, mabatani omwe aja. Anatiphunzitsa masana amodzi. Theka linathera pojambulana zithunzi. Palibe ananena kuti chasiya kukhala chokha, kuti chili ndi mwini wake kutali. Palibe ananena kuti musazule. Funsani mlamu wanuyu ngati ndikunama."

Alamu anatembenukira kwa ine. Maphunziro amenewo ndimawadziwa. Za pulagi mulibemo.

"Sakunama."

"Inu mungatsutse bwanji, si magazi amodzi?"

"Musiyeni mwana wa eni," anatero Atelala ali pampando. Ankalankhula mawu awiri, n'kupuma. "Ine makina anga akagwira ulusi ndinkawamenya khofi pambali. Ankamva. Tsiku lina ndinamenya a eni ake, atsopano. Anathyoka singano, ine ndinathawira kuchimbudzi."

Palibe anaseka. Alamu anatuluka. Tinamva akukhoma msomali kuseri, mumdima, popanda chokhomera chenicheni.

M'mawa mwake ndinakwera padenga ndi foni. Kulikulu anayankha mtsikana wa mawu okoma.

"Talandira dandaulo lanu. Tikuimbirani."

Sanaimbe. Ndinaimbanso. Mtsikana wina, mawu okoma omwewo. Ndinasiya zaulemu, ndinaimbira abwana anga.

"Bwana, n'zochepa. Munthu mmodzi wa pa seva abweze pempho limodzi. Sizitenga nthawi n'komwe."

"Kubweza zimene seva yalemba analetsa. Sukudziwa? Kwina anthu ankaba mankhwala n'kumanamizira netiweki. Tsopano chilichonse chidikire ofufuza."

"Abwera liti?"

"Galimoto yawo ili kugalaja."

"Munthu akutupa kuno."

"Akutupa paliponse, mphwanga. Ukuyesa ndiwe woyamba kuimba?"

"Nanga pulogalamu yokonzedwa ija? Yosaiwala ngakhale izimitsidwe?"

Tonse tinkaidziwa. Inapangidwa kalekale. Bungwe linasemphana mawu ndi oipanga, ndipo inangokhala.

"Imeneyo usaitchule pafoni. Ndipo mvetsa. Ukalemba kuti wina anazula pulagi, mlandu si wa pulogalamu. Ndi wa wozulayo. Wandimva? Iwe unatumidwa mlongoti. Wamanga?"

Ndinatsika. Ndinapita kwa mkulu wa pachipatalapo, bambo wa magalasi, wolankhula motsitsa. Anandipatsa mpando. Anamvetsera zonse akugwedeza mutu.

"Zachisoni kwambiri. Atelala anandisokera suti yanga ya ukwati. Koma ine sindinauzepo munthu kuti azule."

Pansi pa tebulo lake pulagi inali yakuda ndi zala.

Ntchito ya mlongoti ndi ya masiku ochepa. Ndinaikokera mpaka masabata. Lero ndasowa bawuti, mawa mphepo yachuluka. Ndinkakhala padenga, foni kukhutu, kuyang'ana mzere pansi. Zida zanga zimafika pa tebulo ndi padenga. Pa seva sizifika. Chinsinsi cholowera kumeneko ndilibe, sindinakhalepo nacho.

Kunyumba kutupa kunakwera. Kunadutsa m'maondo. Ukadina chala pamwendo, dzenje limatsala. Atelala anasiya kugona pabedi. Akagona chagada mpweya unkawathawa. Ankagona chokhala, mutu pa pilo yomwe anaiika patebulo. Nthabwala zinachepa. Zinatsala zazifupi.

"Bambo a mawaya, mwakumana nayo seva ija?"

"Ayi, bambo."

"Mukaiona muiuze ndili ndi tepi. Ndikufuna ndiyeze mutu wake."

Alamu ndi achemwali anasiya kukangana. Zinali zoipa kuposa kukangana. Mbale inkaikidwa patebulo popanda mawu. Inkabwerera popanda mawu. Ine ndinali pakati, mlendo wodya za eni, wopanda chobweza. Miyendo inkandiyabwa. Ndinkamva basi iliyonse yodutsa pamsewu.

Tsiku lina masana achemwali anabwera kunyumba kudzaona odwala. Anapeza Atelala atatsetsereka pampando, milomo yatuwa, maso atatuzuka. Tinawadzutsa awiri. Tinatsegula mazenera onse. Mpweya unabwerera, koma pang'onopang'ono, ngati ukuchita manyazi.

Alamu analowa kuchipinda. Anatuluka ndi chitsulo chozulira misomali.

Achemwali anaima pakhomo, manja m'mbali zonse ziwiri.

"Mukupita kuti?"

"Choka."

"Ndati mukupita kuti ndi chimenecho?"

"Kukagwira ntchito imene yakukanikani inu ophunzira. Choka!"

"Mukaigunda kamodzi kabati ija, ilira mpaka kulikulu. Inu akumangani. Ine andichotsa. Zenera atseka. Benchi lonse lija libwerera chimanjamanja, ana, amayi oyembekezera, onse. Ndiye bambo awasamala ndani, inu muli m'chitokosi?"

"Ndiye ndikhale pansi ndiziwaonerera? Ndiyambe kuyeza matabwa? Ndine kalipentala ine, ukudziwa chimene anthu akundifunsa ndi maso akamadutsa pano? Ukufuna bokosi la bambo anga ndikhome ndekha, mankhwala ali m'dirowa, kuseri kwa mpando wa mkazi wanga?"

Anayang'ana ine.

"Alamu, nenani kanthu. Inu ndi amene mumayenda nazo zimenezi m'chikwama."



"Ikani pansi," anatero achemwali. Mawu awo anali atazizira. "Ikani pansi, bambo a m'nyumba. Mankhwala abwera lero."

"Abwera bwanji?"

"Ndati abwera. Iwe, tiye."

Tinapita kuchipatala. Pabenchi panali patatsala anthu ochepa. Achemwali anawathandiza onse, mmodzimmodzi, mpaka womaliza. Anatseka zenera. Anakhala pansi, manja pamiyendo.

"Ndikufunse. Munthu akataya khadi timalemba nambala yake ndi manja. Seva imaona kuti munthuyo waima pazenera?"

"Siona."

"Imangomva nambala."

"Imangomva nambala."

"Mlongoti wako uja watha? Usandinamize. Ndikudziwa ukuzengereza dala."

"Unatha kale."

"Sindikufuna yankho lifere m'njira."

"Silifa."

"Ndiye tuluka, ukasute fodya."

"Sindisuta."

Sanandithamangitse. Analemba nambala, osayang'ana paliponse. Anaidziwa pamtima. Pa sikirini panatuluka chithunzi. Mayi wachikulire, mpango wamadontho, mpata waukulu m'mano akutsogolo. Ankamwetulira wojambulayo.

"Achemwali."

"Anasamuka. Aliyense akutero. Mwana wake ali ndi nyumba yabwino, amusiyiranji abwerere kudzagulitsa matsache? Ndipo ofufuza akabwera, akabweza za bambo, ndidzatenga zimenezo n'kumusungira. Ndi ngongole ya masiku ochepa chabe."

"Galimoto yawo ili kugalaja."

"Ndiye nena iwe chochita. Nena! Ndakhala chete, ndikumvetsera."

Panja mlonda ankasesa. Tsache linkamveka pa simenti.

Anadina. Kagudumu sikanaoneke n'komwe. Kha! Mlongoti wanga unagwira ntchito bwino kwambiri. Sindinamangepo wabwino ngati umenewo.

Kunyumba Atelala anayang'ana timabotolo m'dzanja mwa mpongozi wawo.

"Kulikulu kwavomera, mayi?"

"Kwavomera, bambo. Imwani."

"Ndinadziwa. Anamva za tepi ija."

Alamu anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri. Anandigwedeza mpaka phewa linawawa.

"Ndinakunyozani mumtima, alamu. Mundikhululukire. Ndinu mwamuna. Ndikupangirani mpando, mudzautenge ulendo wina."

Ndinati zikomo. Achemwali anali kukhitchini, akutsuka mbale zotsuka kale.

Mankhwala aja ndi amphamvu. Ndowa ija inasiya kukhala chopondera, inayamba ntchito ina, yokodzeramo. Patapita masiku ochepa maondo anaoneka. Kenako akakolo. Atelala anagona pabedi, chagada, mkonono wake mpaka pamsewu. Alamu ankaima pakhomo la chipinda kumvetsera mkononowo ngati wailesi.

Abwana anaimba. Ndikapanda kupezeka pamalo otsatira, ndisavutike kubweranso. Ndinalongedza zida.

Ndinadzuka kusanache bwino. Achemwali anandiperekeza mpaka pathanki. Anandipatsa kaphukusi ka m'njira.

"Ukafika uimbe."

"Ndiimba."

"Ndipo kumene ukupitako uwauze asamazule."

Pamphambano panali mame ndi agalu. Basi inabwera nyali zili zoyaka. Kondakitala anatsegula chitseko, anthu anayamba kutsika. Mnyamata wa thumba la simenti. Amayi awiri a madengu. Kenako mtolo wa matsache unatulukira pakhomo, mwini wake ali kumbuyo.

"Mwana wanga, tandilandira."

Ndinalandira. Anatsika phazi limodzi, n'kupuma. Phazi lina, n'kupuma. Nsapato anaziponda kuchidendene chifukwa sizinkalowa. Mpango wamadontho. Anamwetulira. Mpata uja unali pomwepo.

"Zikomo, bambo. Ndinu a konkuno? Zenera la mankhwala amatsegula nthawi yomwe ija?"

"Yomwe ija."

"Ndiye ndafika bwino. Anga anandithera ndili kwa mwana wanga. Amati khalani, amayi, khalani. Ndikhale ndife? Kumeneko kulibe chipatala chathuchi." Anagwira pachifuwa, pamene anamangirira khadi m'kansalu. "Ndikakhale woyamba. Ndimusungirenso malo telala uja, akapanda kundiona amadwala."

Ndinamutwika mtolo. Kondakitala anamenya basi m'mbali.

"Akulu, mukukwera kapena mukufunsira?"

Ndinakwera. Ndinakhala kuzenera. Mayi uja anali atayamba kuyenda. Pafupi ndi thanki anaima, dzanja pakhoma. Kutsogolo kwake, pamwamba pa madenga, mlongoti wanga unkanyezimira.

Ndinaimba. Achemwali anayankha msanga.

"Waiwala chiyani?"

"Akubwera."

"Ndani?"

"A matsache. Atsika basi yomweyi. Mapazi atupa."

Ndinkamva kupuma kwawo. Basi inanyamuka. Pafonipo, kumbuyo kwa achemwali, patali pang'ono, Atelala ankaitana ndi mawu amphamvu, ofunsa kumene anaika nsapato zawo. Lero zilowa, ankatero. Akufuna akayende pang'ono, akaone anzawo pabenchi.